Sennight, Liwu Lowerenga Usiku

Mwa mawu a Chingerezi amene anagona m'mabuku akale, osadzukanso pakamwa pa anthu, lilipo limodzi limene ndimalilira ndi mtima wonse, ndilo sennight. Tanthauzo lake ndi sabata limodzi; koma tikalifukula kumizu, tipeza mawu awiri a makolo a Angerezi, seofon nihta, ndiko kunena mausiku asanu ndi awiri, amene malilime a mibadwo yambiri anawapera pang'onopang'ono kufikira anasanduka liwu limodzi.

Nanga anthu aja anawerengeranji usiku, osati usana? Tacitus, mlembi wa ku Roma, polemba buku lake la Germania m'chaka cha 98, anaona kuti mafuko a kumpoto, a ku Germania, popangana za misonkhano yawo amawerenga usiku, pakuti kwa iwo mdima ndiwo unkatsogolera kuwala. Ndipo Julius Caesar anali atanena kale zomwezo za anthu a ku Gaul. Ife amene tinakulira pa mapazi a agogo sitingazizwe nazo, popeza nkhalamba ikafuna kukuuza kutalika kwa ulendo, sitchula mamailosi, koma imati kumeneko n'kogona kawiri panjira. Ndipo mlendo akalawira, funso la eni mudzi limakhala lakuti wagona kangati pakati pawo. Ngakhale m'Genesis, tsiku lililonse la chilengedwe liyamba ndi madzulo. Kuwerenga kotere ndikuyesa kwanzeru, chifukwa usiku umene munthu wagona pakhomo pa mnzake, atadya nsima yake ndi kufunda chofunda chake, ndiwo umamanga chibale.

Liwuli linali lamoyo ndithu m'masiku a Jane Austen, amene m'buku lake la Pride and Prejudice, la 1813, analiika m'kalata ya m'busa Collins yodziwitsa banja la a Bennet kutalika kwa ucheza wake. Koma atambala awiri salira m'khola limodzi: liwu lakuti week linalipo kale kuyambira makedzana, ndipo m'kupita kwa zaka linatsala lokha pabwalo. Mbale wake wa sennight, ndiye fortnight, mausiku khumi ndi anayi, anapulumuka, ndiyesa chifukwa panalibe liwu lina limodzi lolimbirana naye malo. Ku Britain akali kumveka tsiku ndi tsiku, chinkana ku America samveka kawirikawiri. Ndipo ku Wales, kumene anthu anaumirira chinenero cha makolo awo, sabata amalitchabe wythnos, mausiku asanu ndi atatu, powerenga usiku woyamba ndi wotsiriza womwe.