Mawu Akuti “Miyandamiyanda” Asafafanizidwe

Tsiku lina tinapita kukayendera ophunzira athu amene anali kuyeserera ntchito ya uphunzitsi pa sukulu ina ya ku Mgona. M'kalasi la Sitandade 6 mwana wina, polemba chimangirizo chonena za msika, anati anaona matumba a mtedza miyandamiyanda. Mphunzitsi wachinyamatayo anadula mawuwo ndi cholembera chofiira, nalemba pamwamba pake kuti “ambiri”. Titamufunsa chifukwa, anayankha mwaulemu kuti amenewo ndi mawu a agogo akumudzi.

Ife sitigwirizana naye. Aliyense amene anaonapo msika wa Mgona m'nyengo yokolola adziwa kuti mwanayo anasankha bwino, pakuti “ambiri” angakhale matumba makumi awiri okha, pamene “miyandamiyanda” ndi katundu wotopetsa maso, wosati munthu n'kumuwerenga ataimirira.

Nanga mawuwa anachokera kuti? Ali m'gulu la maina la Mu-Mi. Monga tinena mwala ndi miyala, mwambo ndi miyambo, chomwechonso umodzi wa miyanda ndi mwanda. Koma ndani wa ife anamvapo munthu pa Lilongwe pano akunena “mwanda umodzi”? Umodziwo unatha ntchito m'kamwa mwathu, ndipo chatsala ndi kuchulukitsa kobwerezaku, kofanana ndi mazanamazana kapena zikwizikwi. Tikaoloka malire kunka ku Zambia timupeza mwanda ali moyo. Ababemba amati umwanda ponena 100, ndi imyanda ibili ponena 200. Alozi amati mwanda, Atonga a kumeneko amati mwaanda, onse potanthauza zana. Choncho tiganiza kuti wonena miyandamiyanda kalelo anali kunena mazana osanjikizana, kufikira chiwerengero chenichenicho chinaiwalika.

Zimenezi sizachilendo pa mawu a ziwerengero zikuluzikulu. Zana lathu ndi zana lomwelo m'Chishona, ndiponso ijana m'Chinyarwanda, koma m'Chibemba ikana ndi 1,000. Mwina chifukwa chake n'chakuti sikunali kawirikawiri kuti munthu awerenge mbuzi kapena madengu kufika pamenepo, motero liwu lomwelo linakwera kwina, kwina n'kukhala pomwe linali. Zana ndi chikwi anatetezedwako ndi mabuku, makamaka Buku Lopatulika la 1922, limene anthu akhala akulimva Sabata ndi Sabata. Ngakhale zili choncho, pamsika lero mumva handiredi ndi sauzande basi.

Tsono inu amene mudzagwira choko posachedwapa, mwana akabwera ndi mawu oterewa, alembeni pabolodi. Funsani kalasi kuti apeze anzake: unyinji, khwimbi, khamu, ankhaninkhani. Akambirane kuti ndi ati oyenera anthu, ndi ati oyenera zinthu, popeza sitinena khwimbi la matumba. Pa phunziro la masamu mawuwa athandizanso. Thirani mtedza m'mbale, ana ayerekeze kuchuluka kwake, kenaka awerenge m'milu ya khumikhumi, makumi khumi apange zana. Apo adzaona okha pamene kuyerekeza kulekera ndi pamene kuwerenga kuyambira. Chenjerani kokha kuti musawaphunzitse kuti miyandamiyanda ndi miliyoni, pakuti m'Chichewa cha lero mawuwa alibe nambala.

Mphunzitsi uja tinamupempha kuti abweze malikisi a mwanayo, ndi kuti amufunse kumene anawamva mawuwo. Mwanayo anati ndi kwa amayi ake, amene amasankha mtedza pamsika pomwepo.