Ofesi za mafoni zibwere ku Chinsapo

Mumsewu wa ku Likuni, makamaka pozungulira msika wa Chinsapo, tinyumba tofiira ta Airtel Money ndi tobiriwira ta TNM Mpamba tangoti mbwee. Makampani awiriwa amadyera pamenepa. Mayi wa tomato amasungitsa phindu lake madzulo, wakabaza amagula mayunitsi, mnyamata waganyu amatumizira makolo ake kumudzi. Koma foni ikabedwa pamodzi ndi simukhadi, nambala yachinsinsi ikatsekedwa, kapena ndalama zikapita ku nambala yolakwika, kawirikawiri ejenti amangoti, "Pitani ku ofesi." Ofesi zotha kuthetsa mavuto otere zimakonda kukhala m'tauni, m'malo onga Old Town, City Centre ndi Gateway Mall ku Area 47. Maganizo anga ndi akuti ofesizi zamangidwa kutali ndi anthu amene amazifuna kwambiri, ndipo nthawi yakwana yoti zisendere.

Pamene TNM inkayamba mu 1995, ndi Celtel, yomwe lero ndi Airtel, mu 1999, foni yam'manja inali ya mabwana, ndipo kuika sitolo m'tauni kunali kwanzeru. Zinthu zinasintha ndi kubwera kwa Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013. Kwa anthu ambiri a ku Chinsapo amene alibe akaunti ku banki, simukhadi ndiyo banki yawo. Ndipo chiyambire 2018, pamene bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, mwini wake amayenera kuonekera yekha kuti abwezeretse nambala yake. Tangoganizani mayi uja: mpamba wa geni yake watsekeredwa m'foni, ayenera kukongola ya minibasi popita ndi pobwera, asiye benchi lake, akaime pamzere, mwina n'kuuzidwa kuti netiweki yavuta abwerenso mawa. Wokhala ku Area 47 vuto lomwelo amalithetsa popita kokagula zinthu. Wosauka ndiye amalipira zambiri pa thandizo limodzimodzi.

Ena adzati kubwezeretsa simukhadi paliponse n'kutsegulira khomo akuba, poti mbava zolanda nambala za anthu n'kutapa ndalama zawo zilipo kale. Nkhawayi ndi yoona, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti ejenti aliyense wa pansi pa ambulera apatsidwe mphamvu imeneyi. Koma chimene chimatsekereza wakuba si kutalika kwa ulendo. Ndi wantchito wophunzitsidwa, makina otsimikizira chiphaso, ndi kaundula woonetsa amene wasintha nambala. Zonsezi zingakwane m'chipinda chimodzi pafupi ndi msika, chomwe lendi yake siingafike pa ya ku Gateway Mall. Ena adzati pali nambala zoimbira ofesi yothandiza makasitomala. Inde zilipo, koma woberedwa foni aimba ndi chiyani, ndipo chiphaso achionetsa bwanji pa foni yobwereka?

Chimene chikuchedwetsa makampaniwa, m'kuona kwanga, ndi kuchepa kwa mpikisano. Ku South Africa kuli timakampani tobwereka netiweki ya makampani akuluakulu n'kumagulitsa motchipa, monga Capitec Connect imene inayamba mu 2022, ndipo kasitomala wokhumudwa ali ndi kothawira. Kuno wokhumudwa ndi kampani imodzi amangopita kwa inzake, ndiye ambiri ali kale ndi masimukhadi onse awiri. Palibe chowakakamiza kutsatira kasitomala kwawo. TNM ili pamsika wa masheya kuyambira 2008, Airtel Malawi kuyambira 2020, ndipo ndalama zimene amalowetsa pachaka, zofika mabiliyoni ambiri, amazilengeza poyera. MACRA, imene imapereka ziphaso zawo, ili ndi mphamvu yowauza kuti dera lililonse la anthu ochuluka ngati Chinsapo, Mgona ndi Area 23 likhale ndi ofesi yotha kubwezeretsa nambala ndi kulondola ndalama zosokera, yotsegula mpaka madzulo pamene ageni aweruka, komanso Loweruka.