Mchere wake uti, achimwene?

Amalonda anzanga, sabata yatha ndinali ku Lifuwu, kuja kwa mpunga. Pagombe ndinapeza mnyamata atadzaza timbuna m'chigubu, ati akukagulitsa ku Lilongwe kwa mabwana oweta nsomba m'magalasi. M'thumba muli paketi ya mchere wapamsika. Ati anamva kuti azungu amathira mchere.

Eya, amathiradi. Koma mchere wake uti?

Kunjaku kuli michere yopangidwa kufakitale. Instant Ocean ndi Red Sea Coral Pro ndi ya nsomba ndi makorali a m'nyanja yamchere. Amasungunula pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi. Wa Red Sea uja anauchulutsira kashiamu kuti makorali azikula, n'chifukwa chake mtengo wake umawawa. Mbuna mukaiponya m'madzi amenewo, yambani kuitana adzukulu.

Nyanja yathu ilibe mchere wotero. Wa mbuna ndi wina, monga Cichlid Lake Salt wa Seachem, ndipo amathira pang'ono chabe. Tangoganizani, mzungu akutaya madola kuti madzi a m'nyumba mwake afanane ndi omwe ife timachapiramo zitenje!

Bizinesi yake si yachilendo ku Salima. Malemu Stuart Grant ankatumiza mbuna kunja kuchokera ku Senga Bay kuyambira m'ma 1970 mpaka anamwalira mu 2007. Koma imafuna chilolezo cha dipatimenti ya nsomba, chimene mnyamatayu analibe.

Ndinamuuza kuti timbunato atibwezere m'nyanja, mcherewo akathire pa usipa. Anandiyang'ana ngati ndamupisa m'thumba.