ZA M'NTHAKA: Mwala Nawo Uli ndi Zaka Zake

Midzi ya alimi a ku Kanakantapa, m'boma la Chongwe, inakhazikitsidwa m'caka ca 1988, koma miyala imene khasu limagunda m'minda yawo ndi yakalekale.

Pakati pa miyala ya m'cigawo ca Lusaka pali wina wolimba, wamawangamawanga, wochedwa granite. Mwala umenewu unali wosungunuka ngati phala lamoto, ndipo unazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka. M'kati mwake muli timiyala ta zircon, tating'ono ngati mcenga, tosunga uranium. Uranium amasanduka mtovu pa liwiro losasintha. Cotero akatswiri akapima kuculuka kwa ziwirizi, amadziwa zaka za mwalawo.

Apeza kuti granite wa m'mapiri a Munali, kupitirira Kafue, ali ndi zaka pafupifupi 1,090 miliyoni. Wa pafupi ndi Lusaka ali ndi 820 miliyoni, pomwe wa Hook, kumadzulo kwa Mumbwa, ali ndi 550 miliyoni. Izi zisonyeza kuti dziko lino silinaumbike tsiku limodzi: zigawo zake zinagundana, zinayamba kung'ambika, kenaka zinagundananso.

Nzeru imeneyi imafika ndi pakhomo pa mlimi. Granite sasunga madzi ngati miyala ya laimu ya mu Lusaka. Madzi ake amakhala m'ming'alu ndi m'mbali zofumbutuka. Conco mudzi wofuna cithime cakuya uyambe wafunsa alangizi a zamadzi, amene ali ndi mapu a miyala, usanataye ndalama za cimanga pa dzenje louma.