Ndemanga: Chindapusa chokha sichikuletsa liwiro ku Chigwa cha Shire

Aliyense amene anatsikapo mapiri a Thabwa kuchokera ku Blantyre amadziwa zimene zimachitika galimoto ikangowoloka mlatho wa Kamuzu. Makhotamakhota atha, msewu wa M1 wawongoka, ndiye dalaivala amaponda moto. Kuchoka pa Dyeratu, kudutsa Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku boma la Nsanje, ena amathamanga ngati msewu ndi wawo okha.

Komatu msewu umenewu ndi wa anthu ambiri. Muli akabaza onyamula matumba a chimanga, ngolo za ng'ombe, mbuzi zongodumphira pamsewu, malole a nzimbe komanso ana opita kusukulu. Pamalo ochitira malonda, liwiro lovomerezeka ndi makilomita 50 pa ola. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, ndipo mtunda umene imafuna kuti iime mabuleki atagwira umachuluka kanayi poyerekeza ndi ya pa 50. Mwana akatulukira kuseri kwa minibasi pa Ngabu, dalaivala wotere alibenso chochita.

Apolisi apamsewu amaima ndi makina oyezera liwiro, ndipo wolakwa amalipira chindapusa n'kulandira lisiti. Ntchito imeneyi ndi yofunika. Vuto ndi lakuti chindapusa chimathera pomwepo pamsewu. Madalaivala amathwanitsirana magetsi kuuzana kuti kutsogolo kuli apolisi. Akadutsa, liwiro lija layambiranso. Kwa munthu wa ndalama, chindapusa chimangokhala ngati mtengo wa ulendo. Akhoza kulipira lero pa Nchalo, mawa pa Bangula, laisensi yake ili m'thumba yopanda banga.

Mayiko ena anaona kuti chilango chiyenera kumutsatira munthu. Ku Britain, wogwidwa akuthamanga amalipira ndalama zosachepera mapaundi 100, ndipo pa laisensi yake amalembapo mapointi atatu. Akafika mapointi 12 m'zaka zitatu, kawirikawiri amaletsedwa kuyendetsa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ku South Africa anakhazikitsa lamulo lotere, la AARTO, mu 1998, ngakhale lachedwa zaka zambiri kuti ligwire ntchito m'dziko lonse.

Kuno kwathu poyambira tili napo. Nthambi ya boma yoona za pamsewu imasunga kale mbiri ya madalaivala ndi galimoto pa makompyuta a MalTIS. Chimene tikupempha ndi chakuti mlandu uliwonse wa liwiro uzilembedwa pa dzina la dalaivala, ndipo wobwerezabwereza azilandidwa laisensi. Izi zingatheke pokhapokha ngati ndalama iliyonse yoperekedwa pamsewu ili ndi lisiti, chifukwa mlandu wothera m'manja sufika pa kompyuta.

Tisaiwalenso eni minibasi ndi masienta. Dalaivala amene wauzidwa kuti pofika madzulo abweretse ndalama yakutiyakuti amathamangira kulimbirana anthu pa siteji yotsatira. Kumulanda laisensi iye yekha, bwana wake n'kungolemba wina mawa lake, sikungathandize. Galimoto imene ikugwidwa mobwerezabwereza, mwini wake nayenso aziitanidwa kukayankha.

Ndipo inu amene mwakhala kumbuyo m'minibasi yochokera ku Nsanje, mukaona liwiro lanyanya, nenani mokweza kuti, "Adalaivala, chepetsani moto, tili ndi ana kunyumba."