Asanayang'ane thovu, wofulula ayambe wayang'ana ufa

Aliyense wofulula masese kapena chikokeyani amadziwa kudzuka m'mamawa, kuvundukula mbiya n'kusuzumira. Akapeza zachilendo pamwamba mtima umagunda, ndipo maganizo amathamangira kwa munthu: wathiramo chiyani ndani usiku uno? Kusamalako n'kwabwino, koma kumabwera mochedwa ndiponso kumayang'ana polakwika. Zambiri zooneka mu mbiya n'zosapha. Chomwe chimapha chimalowa tsiku lotereka madzi pamoto, kudzera mu ufa ndi chimera chomwe wofulula wavomera kugwiritsa ntchito.

Zooneka ndi maso sizivuta kuzizindikira. Thovu lotuwa kapena lofiirira, lotumphuka ndi kuphulika, ndi yisiti ili pa ntchito, ndipo limaphwa lokha mowa ukapsa. Nsenga za pansi ndi gaga, tizidutswa ta chimera ndi yisiti yomwe yatha ntchito. Kachikopa koyera, kopyapyala, kamakwinya koyala pamwamba, kawirikawiri ndi yisiti ya mtundu wina yokonda mpweya. Imaononga kakomedwe, basi. Chokaniratu ndi chuku: timadontho taubweya, touma pamwamba, tobiriwira kapena takuda. Apo kuyengula pamwamba sikuthandiza, mowawo ngwotaya. Chimodzimodzi mowa wotamuka ngati therere kapena wonunkha chivundi.

Koma wokhulupirira maso ndi mphuno zokha akumbukire za ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Mu Januwale 2015 anthu pamaliro anamwa pombe, mowa wa ufa wa chimanga. Oposa 230 anadwala, 75 anamwalira, kuphatikizapo mayi yemwe anaufulula. Mbiri yoyamba kuwanda inali ya ndulu ya ng'ona, yomwe kunonso timaidziwa. Patapita miyezi, akatswiri opima anapeza kuti mowawo unali ndi poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi bakiteriya wa Burkholderia gladioli, ndipo gwero lake linali ufa woonongeka omwe anafululira. Poizoniyo alibe fungo, samveka pa lilime, ndipo safa ndi moto. Ameneyu ndi wosowa, koma mnzake aflatoxin tili naye m'nkhokwe ndi m'matumba mwathu. Amachokera ku chuku cha mtundu wa Aspergillus, amaononga chiwindi ndipo amayambitsa khansa. Ku Kenya mu 2004 anapha anthu 125 omwe anadya chimanga chachuku. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa Limbikani Matumba ndi anzake wa mu 2011 anampeza mu chimera cha mapira ndi mu mowa wa masese m'chigawo cha kummwera. N'zosadabwitsa, poti chimera timachinyika, kuchifunditsa masiku angapo, kenako kuchiyanika, ndipo kukachita mitambo chimauma pang'onopang'ono, chuku n'kupezerapo mpata. Pamwamba pa izo pali chizolowezi chosankha chimanga chabwino kukhala cha nsima, chowola n'kuchiika padera kuti ichi n'cha mowa.

Ena anena kuti mowa umaphikidwa, phala limabwata tsiku lonse. Zoona, moto umapha tizilombo, koma poizoni yemwe tizilomboto tasiya amatsala momwemo, ndipo ukali wa mowa sumuchotsa. Ena ati makolo athu ankafulula chonchi osafa. Komatu aflatoxin wapang'onopang'ono sagwetsa munthu pabwalo la mowa. Amadya chiwindi kwa zaka, ndipo wodwalayo akamadzatupa mimba palibe yemwe amakumbukira chipanda.

Chotsutsa cholemera ndi cha umphawi, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Mayi wogulitsa masese mpamba wake ndi mbiya imodziyo. Sopo, mchere ndi fizi ya mwana zili momwemo, ndipo kumuuza kuti akhuthule mowa wonse n'kumuuza kuti agone ndi njala. Komatu n'chifukwa chake kusankha kuyenera kuchitika koyambirira, pomwe chotayika ndi lichero limodzi la chimanga chowola, nkhuni ndi masiku asanapite. Chimera chiume gwa, chisamveke fungo la chinyontho. Ufa womwe unanyowa n'kuumbika zibuluma usalowe mu mbiya ngakhale utaperekedwa mwaulere. Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, omwe amaphunzitsa kale za chuku pa mtedza, afikenso kwa ofulula mowa ndi ophika thobwa, chifukwa chimera chake n'chimodzi, ndipo thobwa amamwa ndi ana omwe.