Mwana akasowa m'kalasi ku Zemba, afunse ndani?

Mtsikana wa Giredi 7 akamakonzeredwa banja, woyamba kudziwa sakhala wapolisi wa kuboma ku Chadiza. Amakhala mnzake wokhala naye desiki limodzi, yemwe amapita naye kumjigo madzulo. Wachiwiri ndi mphunzitsi, amene poitana mayina m'mawa amangomva zii masiku atatu otsatizana. Ku Zemba, ngati m'midzi ina ya kum'mawa kwa Zambia, nkhani imavutira pamenepo. Awiriwa akadziwa, alowererepo, kapena asamale choko ndi makope, zam'mudzi azisiyire eni mudzi?

Amene amati alowererepo ali ndi poyambira. Dziko lino linamasulidwa ndi anthu amene anayamba agwira choko. Kenneth Kaunda, Harry Nkumbula ndi Simon Kapwepwe onse anali aphunzitsi asanatchuke pa ndale. Ophunzira nawo akhala akulankhula. Mu 1971 a pa yunivesite ya Zambia anakachita zionetsero ku ofesi ya kazembe wa France ku Lusaka podana ndi kugulitsa zida kwa boma latsankho la South Africa, ndipo mu 1976 anatsutsana ndi boma lawo lomwe pa nkhondo ya ku Angola. Maulendo onse awiri yunivesite inatsekedwa. Anthu a mbali iyi amati sukulu yongophunzitsa kuwerenga, osaphunzitsa kufunsa, imatulutsa makalaliki okha.

Mfundo yawo yolemera kwambiri ndi ya malamulo. Kuyambira 1997 mtsikana wotenga mimba ali pasukulu amaloledwa kubwerera akachira. Lamulo la maphunziro la 2011 limaletsa kukwatitsa mwana wasukulu, ndipo kumapeto kwa 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja, ngakhale la mwambo. Koma malamulowa analembedwa ku Lusaka, m'Chingerezi, ndipo alibe miyendo. Amene angawafikitse pakhomo la agogo ku Zemba ndi mphunzitsi wa Civic Education ndi mwana amene wamva phunzirolo. Ndi iwonso angafunse za mnyamata amene watumizidwa kukaweta ng'ombe za eni kwa zaka zingapo kuti adzalandire ng'ombe imodzi, anzake akulemba mayeso.

Pa nthawi ya mavuto sukulu imaonekanso kufunika kwake. Mu 2024 kolera inachititsa kuti sukulu, zomwe zikanatsegulidwa pa 8 Januwale, zitsegulidwe pa 12 Febuluwale. Pasanathe milungu itatu, pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pa tsoka la dziko lonse. M'chaka chotero mphunzitsi amadziwa nyumba yomwe yagona ndi njala, chifukwa mwana wa nyumbayo amawodzera pofika 10 koloko. Mwana wophunzitsidwa kuthira kolorini m'madzi amakakumbutsa amake kunyumba, uthenga n'kufika kumene galimoto ya azaumoyo siyifika nthawi ya dzinja.

Komabe amene amakayika si anthu amantha chabe. Choyamba amaloza ntchito yeniyeni ya mphunzitsi. Chiyambireni maphunziro aulere mu Januwale 2022, ana anakhamukira kusukulu, ndipo ngakhale boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho, makalasi ambiri akumidzi ngodzazabe. Munthu wochonga mulu wa makope usiku ndi tochi, mukamuwonjezera ntchito ya nkhoswe, ya nesi ndi ya wapolisi, chimagwa ndi masamu ndi kuwerenga. Ndipo mwana wotuluka Giredi 7 osatha kuwerenga kalata sangadziteteze ndi lamulo lililonse.

Chachiwiri, mphunzitsi nthawi zambiri amakhala mlendo. Mwina anachokera ku Kitwe kapena ku Mongu, mchere amagula pagolosale ya achibale a yemweyo akufuna kukwatira mwanayo, ndipo usiku amagona m'mudzi momwemo. Akalowa nkhani ya banja mwaphuma, mawa lake amamva kuti, “Aphunzitsi, munabwera kudzaphunzitsa kapena kudzaweruza milandu?” Kwa mwana n'kovuta koposa. Iye akaulula za mnzake, madzulo amabwerera kukadya nsima ya amalume omwe wawanenawo. Akuluakulu amene anamulimbikitsa pa msonkhano amakhala atakwera galimoto kalekale.

Chachitatu ndi ndale. Mphunzitsi ndi wantchito wa boma, saloledwa kuvala chitenje cha chipani pantchito, koma andale amadziwa kukoma kwa gulu la ana ovala yunifolomu oimba pamsonkhano. Malire a kuphunzitsa mwana ufulu wake ndi kumugwiritsa ntchito ngati chikwangwani ngopyapyala. Ndipo zionetsero zili ndi mtengo wake. Mu Okutobala 2018 wophunzira wamkazi anamwalira m'chipinda chogona pa yunivesite ya Zambia apolisi ataponya utsi wokhetsa misozi pa chipwirikiti cha ndalama za chakudya. Kholo limene linagulitsa mbuzi kuti mwana aphunzire likamva zotere, silingadzudzulidwe likati mwana wanga angophunzira basi.

Pali chinanso chimene mbali yoyamba imakonda kulumpha. Makolo ambiri okwatitsa mwana amatero chifukwa nkhokwe yauma, osati chifukwa chodana ndi sukulu. Kumubweza mtsikana m'kalasi popanda sopo, kope ndi chakudya kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Komanso tisabise, alipo aphunzitsi ena amene iwo eni ndiwo amawononga ana, choncho si onse ogwira choko angakhale abusa a nkhosa.

Tikaika zonsezi pasikelo, kukhala chete kumalemera kuipa kwake, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma okayika aja akutiphunzitsa kachitidwe kake. Ntchito ya mwana ikhale kuona ndi kuuza mphunzitsi amene amamukhulupirira, dzina lake n'kubisidwa. Katundu wokangana ndi banja asenze akuluakulu: ahedi, komiti ya makolo ndi aphunzitsi, anyakwawa. Kwathu kuno nkhani yolowera pabwalo la mfumu imamveka kuposa yolowera pachikwangwani. Mafumu a m'boma la Chadiza, a Mlolo, a Mwangala ndi a Zingalume, ali pansi pa Kalonga Gawa Undi, amene wakhala akudzudzula maukwati a ana. Mphunzitsi wopita kwa anyakwawa ndi mawu amenewa saoneka mlendo wodzaphwanya mwambo, amakhala akukumbutsa zomwe mwini mwambo ananena. Anamkungwi nawo ayitanidwe pokambirana, pakuti ndiwo amalankhula ndi namwali pamene mphunzitsi sangafike.

Njira ina ili pa ndalama zachitukuko za m'madera a aphungu (CDF), zomwe mu 2022 zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo mbali yake ndi yolipirira ana ovutika kusukulu zogonera komweko ndi zaluso. Mphunzitsi wothandiza mwana wamasiye kulemba fomu, kenako n'kukafunsa komiti ya chitukuko ya wadi kuti mayina anathera pati, wachita utsogoleri weniweni popanda kutukwana aliyense. Ophunzira akuluakulu atawerengera desiki ndi zimbudzi za pasukulu pawo n'kulembera khansala kalata yaulemu, aphunzira zambiri za boma kuposa zoloweza pamayeso.

Tsono inu makolo a ku Zemba, mphunzitsi akabwera pakhomo kudzafunsa za mwana amene wasowa m'kalasi, mupatseni mpando, mumve kaye. Nanu aphunzitsi, pitani masana, mutenge a komiti ndi anyakwawa, ndipo mwana amene anakuuzani mumusiye kusukulu.